CISANU CA JUNI CIKUPHA NSOMBA ZA M'MABOTOLO M'MAKOMBONI A LUSAKA

LUSAKA — Mwezi wa Juni ukalowa, mphepo yozizira nkuyamba kuulutsa fumbi m'misewu ya Kanyama, Chawama ndi George, m'nyumba zina mumagwa maliro ang'onoang'ono amene akuluakulu sawawerengera. Mwana wa sukulu amadzuka m'mamawa nathamangira pa zenera pamene anasiya botolo lace dzulo madzulo, koma apeza kansomba kamene wakhala akukasunga kuyambira nthawi ya mvula kali cagada pamwamba pa madzi. Madzi ali oyera, cakudya anakapatsa, ndipo mphaka sanafikepo. Cimene capha kansombako ndi kuzizira kwa usiku umodzi.

Kuweta nsomba zongoonerera sikulinso kwa anthu a m'mayadi okha. Ana ena a m'makomboni amagwira tinsomba m'ngalande ndi m'maenje momwe kale anali kuphwanyamo miyala, ndipo amatisunga m'mabotolo a mafuta ophikira amene adulidwa pakamwa. Makolo ena amagulira ana ao nsomba zamaanga m'masitolo a m'tauni pamodzi ndi kamtsuko ka galasi kozungulira. Nsomba zotere sizidyedwa, komabe mwana amene aziweta amaphunzira kusamala camoyo cimene sicingathe kudandaula.

Nkhani imeneyi ikhudzanso a kumudzi. Ambiri ali ndi adzukulu ku Lusaka, ndipo ena ali ndi maiwe ao a nsomba ku dimba. Lamulo limene lipha kansomba m'botolo ku Matero ndi lomwelo limene liletsa nsomba kukula m'dziwe losaya ku Katete kapena ku Lundazi.

NSOMBA ILIBE MOTO WA M'THUPI

Thupi la munthu limadzitenthetsa lokha, ndipo limakhala pa madigiri 37, kaya kunja kwatentha kaya kwazizira. Thupi la nkhuku limaposa pamenepo, pakuti limafika pa madigiri 41. Nsomba siili tero ai. Thupi lace limatsata madzi amene ilimo. Madzi akakhala pa madigiri 25, nsombanso ili pa 25, ndipo akatsika kufika pa 12, magazi ace ndi m'mimba mwace zimatsikira pomwepo.

Nsomba yozizidwa imaonekera msanga kwa munthu wopenyetsetsa. Imakhala duu pansi pa botolo, zipsepse zace itazipinda, ndipo cakudya imangociyang'ana. M'mimba mwace simugaya bwino, ndiponso mphamvu yolimbana ndi matenda imacepa. Ncifukwa cace patapita masiku owerengeka cizizirire, nsomba zambiri zimatuluka timadontho toyera tonga mcere pa thupi ndi pa zipsepse. Timeneti ndi tizilombo timene timapeza mpata nsomba ikafooka.

Anthu obwera kucokera ku cigwa ca Luangwa amadabwa ndi cisanu ca Lusaka. Mzinda umenewu uli pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere. M'miyezi ya Juni ndi Julaye masana kumafunda mpaka madigiri 22 kapena 23, koma mbandakuca kumatsikira ku madigiri 10, masiku ena pansi pa apo. Kumwamba kukakhala kopanda mitambo, kutentha konse kwa masana kumathawa dzuwa likangolowa.

Nyumba za m'makomboni sizithandiza kwenikweni pa vuto limeneli. Matero anamangidwa ndi kanselo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. Mtendere anatsegulidwa mu 1967 kuti anthu azidzimangira okha pa mapuloti. George ndi Chawama analowa mu nchito yokonzanso makomboni imene inayamba mu 1974 ndi cithandizo ca World Bank. Ngakhale mbiri zao zisiyana, nyumba zambiri m'malo onsewa, ndi ku Kalingalinga komwe, nzamabuloko a simenti, zofolera ndi malata, zopanda siling'i. Malata amatentha msanga masana ndipo amazizira msanga usiku, motero cipinda cimatsata kunja, ndipo botolo limatsata cipinda.

KAPU YA TIYI NDI MPHIKA

Mai aliyense adziwa kuti tiyi wa m'kapu amazizira anthu asanathe kupatsana moni, pamene wotsala mu mphika waukulu amakhala wofunda nthawi yaitali. Cifukwa cace ndi cakuti kutentha kumathawira m'mbali mwa ciwiya ndi pamwamba pace, ndipo ciwiya cacing'ono cili ndi mbali zambiri poyerekeza ndi madzi amene casunga.

Citsanzo naci. Kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse kamalowa lita imodzi ya madzi. Bokosi la masentimita 30 mbali zonse limalowa malita 27. Munthu akawerengera bwino apeza kuti lita iliyonse ya m'kabokosi kaja ili ndi khoma lotayira kutentha lokula katatu kuposa lita ya m'bokosi lalikulu. Cotero madzi a m'kamtsuko ka malita awiri amakwera ndi kutsika pamodzi ndi mphepo ya m'cipinda, pamene a m'cidebe ca malita 20 amasintha pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nsomba zambiri zikhoza kupirira madzi ozizirirapo ngati afika pang'onopang'ono ndi kukhazikika. Cimene sizipirira ndi kutentha masana, kuzizira usiku, kutenthanso mawa lace, tsiku ndi tsiku. M'nyanja ya Tanganyika, imene kuya kwace kufika mamita 1,470, madzi a pamwamba amangosintha madigiri owerengeka caka conse. Nsomba zokongola za m'nyanja imeneyi, zimene zina zimagwidwa kufupi ndi Mpulungu ndi kutumizidwa ku Ulaya, ndiponso mbuna za m'nyanja ya Malawi, sizinaonepo madzi a madigiri 12 cibadwire. Kuziika m'botolo pa zenera mu Julaye ndi kuzipha.

SI NSOMBA ZONSE ZIFANANA

Nzeru yoyamba ndi kudziwa mtundu wa nsomba munthu asanagule. Nsomba yofiirira yochedwa goldfish inacokera ku China, kumene anthu anayamba kuiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo. Imeneyi siiopa cisanu ca Lusaka m'nyumba. Vuto lace ndi lina: imakula kupitirira masentimita 15, imadetsa madzi msanga, ndipo ikasamalidwa imakhala zaka zoposa 10. Kamtsuko kozungulira kamene imagulitsidwiramo ndi ndende cabe; ifunika ciwiya cacikulu ndithu.

Tinsomba tochedwa guppy, timene tamphongo tili ndi micira yamaangamaanga, tinacokera ku South America ndi zisumbu zoyandikana nako. Dzinali ndi la Robert John Lechmere Guppy amene anatumiza tinsombati ku London kucokera ku Trinidad mu 1866. Timakonda madzi a madigiri 22 mpaka 28, ndipo timadya mphutsi za udzudzu. Nsomba ina yochedwa betta, ya zipsepse zazitali zonga nsalu, inacokera m'minda ya mpunga ya ku Thailand. Imatha kupuma mpweya wa pamwamba pa madzi, ndipo ncifukwa cace ogulitsa amaiika m'timabotolo. Koma kupuma kumeneku sikuiteteza ku cisanu. Ifuna madigiri 24 mpaka 28, ndipo mwa zitatuzi ndiyo imayamba kufa mu Juni.

Matemba ndi tinsomba tina ta m'mitsinje ya pafupi tinazolowera nyengo ya kuno, motero kwa banja lopanda magetsi ndito tosavuta. Komabe m'mtsinje timathawira pakuya usiku, pamene m'botolo mulibe kothawira. Makolo akumbukirenso kuti maenje a miyala odzala madzi ndi akuya, ndipo ana aang'ono asapiteko okha kukagwira nsomba.

ZOLAKWA ZITATU

Colakwa coyamba ndi kuthira madzi otentha. Mwana akaona nsomba yace yafooka amathamangira ku ketulo. Kapu imodzi ya madzi owira ikathiridwa mu malita awiri a madzi a madigiri 15, madzi onse amalumphira pa madigiri 24 m'kamphindi. Kulumpha kwa madigiri 9 kotere kukhoza kupha nsomba imene ikanapirira usiku wonse. Ndiponso madzi owiritsa amakhala atataya mpweya umene nsomba ipuma.

Colakwa caciwiri ndi kuika botolo pa dzuwa kapena pa zenera. Galasi pa dzuwa limatenthetsa madzi ocepa mofulumira kwambiri, ndipo madzi akamatentha mpweya wa okisijeni umacepamo, kotero nsomba imayamba kuyasama pamwamba. Usiku malo omwewo a pa zenera ndiwo ozizira kuposa onse m'nyumba. Nsomba ya pa zenera imaona mwezi wa Okutobala masana ndi mwezi wa Julaye usiku.

Colakwa cacitatu ndico coopsa, pakuti cimapha anthu. Ndico kulowetsa mbaula m'cipinda cogona ndi kutseka citseko ndi mazenera kuti nsomba ndi ana afundidwe. Makala oyaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi mseru, ndipo ngati ali m'tulo sadzukanso. Nyengo ya cisanu iliyonse apolisi ndi a zipatala amacenjeza za imfa zotere. Palibe nsomba, kaya inagulidwa ndalama zingati, imene iyenera kugonetsa banja ndi mbaula. Cimodzimodzinso waya wotenthetsera madzi osamba wopangidwa pa nyumba: asalowe konse m'ciwiya ca nsomba, pakuti aphika nsombayo ndipo akhoza kugwira mwana.

ZOYENERA KUCITA

Cinthu coyamba ndi kusamutsa nsomba kucoka m'kabotolo kupita m'ciwiya cacikulu. Sikufunika thanki la galasi la m'sitolo. Cidebe ca pulasitiki ca malita 20, kapena beseni lakuya, zikwanira, malinga ngati simunakhalemo parafini, sopo kapena mankhwala a m'munda. Pulasitiki imasunga kutentha kuposa galasi lopyapyala kapena citini. Posamutsa, botolo lakale liyandamitsidwe m'madzi atsopano kwa mphindi 20 kapena 30 kuti madzi awiriwa afanane, kenaka nsomba itulutsidwe. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Caciwiri ndi malo. Ciwiya cikhale pa khoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi zenera ndi citseko, m'cipinda cimene anthu amakhalamo madzulo. Cisakhale pa simenti, pakuti simenti imayamwa kutentha usiku wonse. Pansi pace payalidwe thabwa, makatoni opindapinda, kapena zoyera zopepuka zija zimene amachinjirizira mawailesi ndi mafiriji m'makatoni ao.

Cacitatu ndi civundikiro. Kutentha kwambiri kumathawa ndi nthunzi ya pamwamba pa madzi. Civundikiro ca pulasitiki kapena galasi cimabweza nthunziyo, koma pasiyidwe mpata wonga cala kuti mpweya uzilowa, ndipo madzi asadzaze mpaka pakamwa.

Cacinai ndi cofunda. Manyuzipepala akale, thumba la ufa, citenje kapena bulangete lakutha zikulungidwe m'mbali mwa ciwiya ndi pamwamba, monga mai amakulungira mbale ya nsima ya bambo amene acedwa ku nchito. Cofunika kukumbukira ndi cakuti bulangete silipanga moto, limangosunga umene ulipo. Motero kufunditsa kucitike dzuwa likamalowa, madzi akali ofunda, osati pakati pa usiku atazizira kale. Kukaca, cipinda cikafunda, cofunda cicotsedwe kuti nsomba ione kuwala.

Usiku wozizira kopambana, botolo la pulasitiki lodzaza madzi ofunda, amene dzanja likhoza kupirira, litsekedwe zolimba ndi kuikidwa pambali pa ciwiya m'kati mwa cofunda. Kutentha kwace kumalowa pang'onopang'ono, ndipo ndiko kumene kufunika.

Cotsiriza ndi cakudya. Nsomba yozizidwa imadya pang'ono. Cotsala cimaola pansi ndi kuononga madzi, ndipo m'ciwiya cacing'ono poizoni wace amakwera msanga. M'cisanu nsomba ipatsidwe kamodzi pa tsiku, masana kukafunda, ndipo cimene sicinadyedwe patapita mphindi ziwiri kapena zitatu cicotsedwe. Nyenyeswa za nsima ndi buledi zimadetsa madzi kuposa zonse.

HITA NDI MAGETSI

Kwa amene aweta betta kapena nsomba za ku Tanganyika, cofunda cokha sicikwanira, pakuti sicingakweze madzi kufika pa madigiri 25 m'cipinda ca madigiri 14. Pafunika hita yopangidwira nsomba, imene ndi kandodo ka galasi komira m'madzi, kokhala ndi kacipangizo kozimitsa kokha madzi akafika pa muyeso. Oweta nsomba amawerengera pafupifupi wati imodzi pa lita imodzi, kotero hita ya mawati 25 iyenerana ndi malita 20 mpaka 25. Ngakhale itayaka maola 10 osazima, imadya gawo limodzi mwa magawo anai a yuniti imodzi ya magetsi. M'kamtsuko ka malita awiri hita yotere njoopsa, pakuti ikalakwa pang'ono madzi amatentha msanga. Hita izimitsidwe pa khoma munthu asanalowetse dzanja kapena kucotsa madzi, ndipo isayake ili kunja kwa madzi cifukwa galasi lace limasweka. Kacipangizo koyezera kutentha nkochipa kuposa nsomba, ndipo ndiko kokha kamene kanena zoona.

Koma hita idalira magetsi, ndipo anthu a ku Lusaka aphunzira kuti magetsi adalira mvula. Madzi atacepa m'damu la Kariba mu 2015 ndi mu 2019, magetsi anali kuzimitsidwa maola ambiri pa tsiku. Mu 2024 cilala cinakula kotero kuti pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku mu Marici, ndipo pofika Seputembala malo ambiri anali kukhala mu mdima maola ofika 21. Pa nthawi yotere hita imangokhala kandodo ka galasi. Cotero ngakhale mwini hita ayenera kukhala ndi ciwiya cacikulu, civundikiro ndi cofunda, pakuti zimenezi sizizima.

MADZI A KLORINI

Pali cinthu cina cimene cimapha nsomba m'makomboni anthu nkumanamizira cisanu. Kanyama ali pa thanthwe la miyala ya laimu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo zitsime zosaya zimaipitsidwa ndi zimbudzi. Matenda a kolera anavuta kwambiri kumeneko mu 2017 ndi 2018, ndipo anabweranso mu Lusaka kumapeto kwa 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala. Cifukwa ca ici mabanja amalangizidwa kuthira klorini m'madzi akumwa, ndipo madzi a pa mpopi amabwera ali nayo kale.

Klorini imapulumutsa anthu, ndipo banja lisaleke kuithira cifukwa ca nsomba. Koma kwa nsomba ndi poizoni, pakuti imaocha ziwalo zace zopumira. Madzi a nsomba atungidwe padera ndi kusiyidwa m'ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, m'cipinda comwe muli nsomba. Potero klorini imauluka, ndiponso madziwo amafanana kutentha ndi a m'ciwiya. Pa mlungu acotsedwe gawo limodzi mwa magawo anai a madzi akale, osati onse. Mwana asambe m'manja ndi sopo akatha nchitoyi, ndipo ndowa ya nsomba isasakanizidwe ndi ya madzi akumwa.

Banja likatopa ndi nsomba zogula, lizipereke kwa ena, lisakazitaye mu mtsinje. Zamoyo zocokera kunja zikalowa m'madzi a dziko lino sizitulukamo, monga zacitikira mu mtsinje wa Kafue, mmene nsomba ya Nile tilapia yasakanizana ndi mpende za komweko.

PHUNZIRO KWA ALIMI A MAIWE

Zonse zimene zanenedwa za botolo zigwiranso nchito pa dziwe. Nsomba za mtundu wa mpende zimakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika pansi pa 20 zimaleka kuswana ndipo zimadya pang'ono. Akayandikira madigiri 10, Nile tilapia imayamba kufa, ngakhale kuti mpende ya madontho atatu ya ku Kafue imapirira cisanu kuposa inzace.

Dziwe losaya, lofika m'mawondo, lili ngati kapu ya tiyi ija. Dziwe lokumbidwa mita imodzi kapena mita ndi theka kumbali yakuya limapatsa nsomba pothawira mbandakuca. Mlimi wanzeru amadzaza dziwe lace cisanu cisanafike, amacepetsa cakudya ndi manyowa mu Juni ndi Julaye, amadyetsa masana dzuwa litakwera, ndipo sagwiragwira kapena kusamutsa ana a nsomba kufikira kutafunda. Dipatimenti yoona za nsomba, imene likulu lace lili ku Chilanga, ili ndi alangizi m'maboma, ndipo ndi kwa iwo kumene mlimi ayenera kufunsa asanakumbe.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kholo limene lalola mwana kubweretsa kansomba m'nyumba lalolanso nchito yokasamala m'miyezi iwiri yozizira. Nchitoyo siifuna ndalama zambiri: cidebe coyera, katoni pansi pace, civundikiro pamwamba, ndi thumba lofunditsa dzuwa likamalowa. Mbaula itsale panja. Mwana amene waolotsa nsomba yace mpaka mwezi wa Seputembala wadziwa kale cimene mlimi wa maiwe amayamba kuphunzira.